Mano a Sowo

Folo koloko m'bandakucha ku Isando,
m'chipinda chopanda zenera, chozizira ngati furiji ya m'butchala,
ndikulondera msewu womwe maso sauona.
Mokgadi wapita kukawiritsa tiyi wachitatu,
wandisiyira sikirini ndi kamzere kake kobiriwira,
kokwera pang'onopang'ono, kenaka khu! pansi,
kukweranso, kugwanso.
Mano a sowo, amatero akuluakulu a pantchito pano.

Tinenenji mwana wanga, ndikuuze zimene makinawa amadziwa.
Chithunzi sichiyenda chathunthu ayi.
Amachiduladula timaphukusi, kalikonse nambala yake pamphumi,
ndipo wotumiza sakhuthula tonse nthawi imodzi.
Amaponya kamodzi. Amadikira.
Tsidya lija likati "kafika,"
amaponya tiwiri, tinayi, tisanu n'titatu,
kulawa njira ndi chala cha kuphazi
ngati wowoloka madzi osadziwa kuya kwake.
Kamodzi kakasowa, sakalipa, salozanso chala munthu,
amangodula liwiro pakati
n'kuyamba kuwonjezera kamodzikamodzi.

Ukanaona msewu wa ku Midrand Lachisanu madzulo ukanamvetsa.
Aliyense mphuno ya galimoto yake kutsogolo,
matakisi a ku Alex akwera m'mbali mwa phula,
hutala pii, pii,
onse ofulumira, woyenda palibe.

Chaka chatha tinagula rauta ya mimba yaikulu,
tinati yosunga zambiri sitaya kanthu.
Sinatayedi. Koma mzere unatalika m'mimbamo,
mawu ofunika tsopano ankafika atazizira,
otumiza, posamva kuti kwadzaza, ankangothirabe.
Mokgadi ndiye anati, m'Chizungu chake cha ku Polokwane,
kutaya kamodzi msanga n'chifundo,
kumauza wotumizayo kuti apume.

Ndinagwedeza mutu, koma sindinamve.

Zaka zisanu n'chimodzi ndinali duu kuno ku Joni.
Mapepala atatuluka, ntchito itapezeka,
ndinatsegula mpopi wonse usiku umodzi:
mauthenga makumi anayi ndi awiri,
zithunzi za kachipinda kanga ku Yeoville,
nsapato zomwe ndinagula osadziwa phazi lako lakula bwanji,
kupepesa kwa mphindi naini, mawu akunjenjemera,
ndi vesi pamwamba pake.
Onse anafika, foni inandionetsa.
Yankho ndi lomwe silinabwere.
Ndiye ndinachita za makina akale opusa aja,
kutumizanso zomwezo kawiri, katatu, mokweza,
mpaka njira yonse yopita kwa iwe
inatsekeka ndi ine ndekha.

Makinawa amayamba afunsana:
zenera lako n'lotseguka motani, ungalandire zingati?
Ine sindinafunse.
Mtsikana wa zaka khumi n'zisanu,
mayeso ali pakhomo, amayi ake akudwaladwala,
ndinamuunjikira zaka zisanu n'chimodzi pamutu
ngati thumba la simenti.

Tsono ndabwerera m'mbuyo.
Ndinayesa patatha tsiku, zii.
Patatha awiri, anayi, asanu n'atatu,
ulendo uliwonse kudula mawu pakati,
kuchotsa vesi, kuchotsa nsapato, kuchotsa zifukwa zanga.
Lero lakwana la khumi n'chisanu n'chimodzi.

Magetsi athima chakuno, jenereta yatsokomola n'kudzuka,
timagetsi ta maseva tikungophethira osasamala.
Ndege yoyamba yanyamuka pabwalo lapafupipa,
denga lanjenjemera pang'ono.
Kwanuko nthawi ndi yomweyi,
mwina ukuchotsa foni pa chaja ya aneba.

Ndalemba mawu awiri okha:
Wadzuka bwanji?

Ndatumiza.
Foni ndaigoneka chafufumimba pambali pa kiyibodi.
Mokgadi walowa ndi makapu awiri, wina wothyoka chogwirira,
akufunsa ngati usikuwu kwatayika kanthu.
Ndati tochepa, monga mwa masiku onse.

Kamzere kaja kakukweranso.
Ukangoti "bwino," mwana wanga,
sindithamanga.
Mawa ndidzangowonjezera liwu limodzi.